Phewa Landikana pa Maliro a Malume

Loweruka, kwa Nsamala. Tsiku lochititsa manyazi.

Dzulo ku Liwonde ndinachita makani ndi zitsulo zolimbitsira thupi, kuzikweza pamwamba pa mutu mobwerezabwereza ngati ndikadali mnyamata. Mkazi wanga anali atandiletsa: "Bambo, mawa tikuika malume anu. Thupi lanuli masiku ano limachedwa kutsitsimuka." Ine ndinati iyayi, thupi langa ndimalidziwa ndekha.

Lero popita kumanda, amuna akulandirana bokosi, anandipatsa malo akutsogolo. Paja ndine uja wazitsulo. Nditangolisenza, phewa linachita dzanzi. Bokosi linapendekeka, azimayi anadukiza nyimbo, wina mpaka anakuwa. Anandilandira ndi mkulu wa mpingo, bambo woonda ngati bango, wamkulu kuposa ine.

"Pumulani, achimwene," anatero mwaulemu. Bola akanandinyoza.

Madzulo ano mkazi wanga wandithowa phewa ndi madzi otentha.

Ndili mwana, malume anandibereka kumsana n'kuwoloka nane mtsinje wodzaza. Lero ine ndalephera kuwafikitsa ngakhale pa mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba yawo. Zitsulo zonse zija, ndiye ndinkanyamulira chiyani?