Mluzu wa Bambo M'kabokosi ka Nambala Naini

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kuvuta? Kuno mayi akudzuka bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Mukukumbukira timabokosi tojambula mawu timene bambo ankamangirira m'mitengo ya m'nkhalango asanatisiye? Kompyuta imamvetsera zojambulidwazo n'kutchula mbalame iliyonse, ine ntchito yanga n'kutsimikizira. Ndikavala zomvera m'makutu, ofesi yonse imasungunuka. Ndimangomva mame akudontha pamasamba, tiyi n'kuzizira osamukhudza.

Mwezi watha kompyuta inati m'kabokosi ka nambala naini, kamene bambo anamangirira komaliza asanatisiye, munalira kambalame ka khosi lofiira kaja, kamene kanasowa zaka khumi zapitazo. Abwana anavina fayilo ili m'manja. Akuti lipoti likapita Lachisanu likudzali, odula mitengo sadzaloledwanso kulowa chigawo chimenecho.

Achimwene, si mbalame ayi. Ndi bambo. Ndi mluzu uja ankaimba akamamanga waya, ndipo ukangotha pakumveka kachifuwa kawo kouma kaja. Kompyuta ingadziwe bwanji kutsokomola kwa bambo?

Ndakhala chete milungu itatu. M'mawa uliwonse ndimabwereza kagawo kameneko, n'kumawaona ataima pamakwerero, chipewa chitapendekeka. Lamulungu ndinalephera kupita ku mgonero. Ndikaulula, mitengo igwa. Ndikabisa, ndasainira bodza pamaso pa Mulungu.

Koma dzulo sindinazimitse msanga chojambulidwacho. Bambo atatsika, mapazi awo atazimirira m'masamba, kutali kwambiri chinachake chinayankha kawiri, motsitsa, ngati munthu woyankha ali m'tulo. Kompyuta sinachigwire. Kaya ndi phiri likubweza mawu, kaya ndi mtima wangawu ukundinamiza, sindikudziwa.

Inu munayenda nawo m'nkhalangomo. Paja ankaseka kuti makutu awo anakupatsani inu, ine anandisiyira pakamwa. Chonde bwerani Lachisanu lisanafike mudzamve nokha. Za mluzuwo ndiwauza ndithu abwana. Mukati woyankhayo ndi mbalame, ndisaina lipotilo ndi mtima woyera. Mukati ayi, sindisaina, koma mudzaime pakhomo pamene ndikuyankhula.

Mayi sindinawauze. Mukabwera tidzawaveke limodzi zomverazo, amvenso mwamuna wawo akuimba mluzu.

Ambuye akuyendetseni bwino panjira. Moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti azakhali awo akuwasowa.

Ine mlongo wanu,
Wapakamwa uja