Tirigu wa pa manda a amayi

Liujiawa, nyengo yokolola

Okondedwa achimwene a Baoliang,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Yulan. Chifuwa cha mwana wanu Doudou chinatha? Nanga msana wanu uja ukuti bwanji ndi ntchito yoimirira ya kufakitale? Kuno ine ndi amuna anga a Dekui tili bwino, kungoti tada bii ndi dzuwa. Amene sali bwino ndi ababa. Sakudya, achimwene.

Ndalemba pamanja chifukwa foni yanga simuyankha. Ndapatsira a Shuxia a kwa azakhali, amene akubwerera kwanuko ku Dongguan pa sitima, ndipo ndawauza kuti asachoke pakhomo panu mpaka mutawerenga. Mukafuna kung'amba, muyambe mwafika kumapeto.

Chaka chino mvula yatichita chipongwe. Inagwa tirigu atacha kale, ikakata pang'ono n'kubweranso. Ngala zinayamba kuda, ndipo kumunda wa kudambo njere zinayamba kumera zili paphesi. Mukumudziwa tirigu womera, ogula amangomununkhiza n'kukuuza kuti kadyetse nkhumba. Ndiye si kamunda kathu kokha kamene munakasiya kaja. Minda ya mabanja onse amene anapita m'tauni tinaibwereka ife.

Nthaka itangouma, mudzi wonse unkalimbirana makina okolola. Ine ndinakaima pakati pa msewu n'kutsekereza a Geng, aja a dzino lagolide amene amabwera ndi makina awo chaka ndi chaka kuchokera kummwera. Minda ya kummawa anatikololera bwinobwino. Titafika pamunda waukulu, pamene pali manda a amayi, tinapeza ababa atakhala pakampando polowera penipeni, ndodo ili pamiyendo.

Akuti makina salowa mpaka tirigu wozungulira manda adulidwe ndi zenga, kuti chitsulo chisagwedeze amayi. Zaka zonsezi ankadula okha. Koma pano maso awo anachita chifunga, amangoona zithunzithunzi, ndipo mwendo wamanzere amachita kuukoka. Ndinati ndidule ine. Akuti mwana wamkazi wokwatiwa sadula tirigu wa pa manda a kwawo. A Dekui anati adule iwo. Akuti mkamwini ndi mlendo. "Ndili ndi mwana wamwamuna ine. Abwera."

A Geng anawanyengerera, kuwapatsa fodya, mpaka anatopa. Anati, "Madala, akazi anu ali phee pansipo, alibe dandaulo. Amene muwalowetse m'manda ndi ana anu amoyowa!" Ababa anawagenda ndi ndodo. Ndiye a Geng anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tirigu wa kumpoto wacha, anzawo ananyamuka kale, mawa dzuwa likakwera iwo ulendo. Wailesi nayo inali ikulengeza mvula ina.

Ndinakuimbirani mpaka foni kutentha m'manja.

Zimene ndinachita ndi izi, mundiweruze mmene mungafunire. M'mawa mwake, kukadali nkhungu, ndinatsegula bokosi la amayi n'kutulutsa jekete lanu labuluu lija ndi chipewa chanu chaudzu. Tsitsi ndinalipinda m'chipewamo. A Dekui anakauza ababa kuti Baoliang wafika pa basi yoyamba ndipo wangolunjika kumunda. Anawabweretsa panjinga yamoto ya matayala atatu, n'kuwakhazika m'mphepete, patali ndithu.

Ndinkadula nditawafulatira, kukoka zenga mmene mumakokera inu, phewa limodzi lili pansi. Ndimati akangoona tirigu wagwa, a Dekui awabweza kunyumba, nkhani yatha. Koma ndinangomva ndodo ikubwera m'ziputu, mwendo uja ukukhwekhwerezeka pambuyo.

Anandigwira m'munsi mwa jekete. Sindinacheuke.

Anati, "Waonda, mwana wanga. Kumeneko sakudyetsa?" Ine ndinangoweramira tirigu, kuopa kuti angandizindikire mawu. Anati dzanja limene linakumenyani mbama pa maliro a amayi, pamaso pa khamu lonse lija, akanatha akanalidula ndi zenga lomwelo. Anati akudziwa kuti simunachedwe dala, anali abwana anu amene anakana kukumasulani, koma tsiku lija chisoni chinasowa pogwera n'kugwera inu. Anati musalankhule kanthu, akudziwa kuti mtima udakali m'mwamba, kubwera kokhako kwakwana.

Kenaka anati munda ndi nyumba yomwe ndi zanu. "Mlongo wako Suqin wagwira ntchito, sindikana. Koma mwana wamkazi ndi madzi otayika, ndi wa eni ake. Iwe ndiye udzandigoneke pambali pa amayi ako."

Zonsezo ndinazimva ndili m'jekete lanu, matuza ali m'manja. Zinandiwawa, achimwene, sindikubisirani. Ndinafuna kuvula chipewa ndi kukuwa kuti taonani amene amakuphikirani, amene amakutsukani mapazi, amene wakuza minda iyi. Koma kumbuyo kwathu makina anali atalira kale. Ndinapitiriza kudula.

Tirigu wambiri tamupulumutsa. Tinamuyanika pamsewu, ndipo mvula inafika titamuunjika kale n'kumufunditsa malona. A Geng anapita akuseka, akuti chaka chamawa ndidzameranso ndevu. Ine sindinaseke nawo.

Ndinagayitsa ufa woyamba n'kuphika mabanzi a nthunzi oti tikapereke kumanda monga mwa mwambo. Ababa anaika mbale yanu patebulo, pamalo panu paja. A Dekui anati muli kunkhokwe. Madzulo anati mwaperekeza tirigu kwa ogula. Kutacha tinasowa chonena, ndiye tinati akuitanani mwadzidzidzi kuntchito.

Ababa anakankha mbale yawo. Akuti, "Tirigu wa amayi ake wadula, koma kudya ndi ine wakana. Ndiye kuti sanandikhululukire." Kuchokera pamenepo banzi salawa, phala la mapira akukana, mazira amene amawakonda aja amangozizira patebulo. Amamwa madzi otentha basi, atakhala pachipata, ndipo akamva njinga yamoto iliyonse amayesa kudzuka. Dzulo anagwa. Adokotala anabwera kudzawaika diripi, iwo n'kuizula. Dzanja lawo latsala mafupa okhaokha, ndikaligwira ndimachita mantha.

Ndaganizapo zowauza zoona. Koma ndikati ndinali ine, ndiye kuti inu simunabwere n'komwe, tirigu wa amayi wadulidwa ndi munthu wosayenera, ndipo mawu amene anawasunga zaka zonsezi anawataya pachabe. A Dekui akuti zimenezo zingawamalize msanga kuposa njala. Ndikakhala chete akufa, ndikalankhula akufa. Ndachita kusowa mtengo wogwira.

Ndikukugwadirani, bwerani. Simukuyenera kulankhula zambiri, mungokhala moyang'anizana nawo n'kunyema banzi limodzi, iwo aone. Akakufunsani, munene kuti zonse zija munazimva. Mukafuna kundikalipira chifukwa cha bodzali, mudzandikalipire kuseri, ndidzamvetsera.

Za munda musade nazo nkhawa, sindidzalimbana nanu. Tengani munda, tengani nyumba, tengani ndi nkhokwe yomwe. Ine ndikungofuna adye.

Ababa anapepesa kwa inu. Ine ndinangowalandirira mawuwo, ndipo pano ndawafikitsa kwa mwini wake. Yankho lake ine ndilibe, ngakhale nditavala chiyani.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo Doudou mumuuze kuti azakhali ake amamukumbuka. A Dekui akupereka moni. Makolo athu akuyang'anireni panjira, akufikitseni ababa akadali ndi mphamvu zotafuna. Musatumize kanthu, musaimbe foni. Kwerani sitima.

Ndine mlongo wanu,
Suqin