Ndasiya Kukolopa

Lachitatu, 12 Novembala

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndi kuti mwendo uja unasiya kukuvutani. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikamalankhula nanu pa foni ya azakhali, eni ake amaima pomwepo kudikira foni yawo. N'chifukwa chake nthawi zonse mumangomva zoti ndikudya bwino ndipo sukulu ikuyenda. Sukulu sikuyenda, amayi. Ikufuna kundipulumuka m'manja, ndipo woyambitsa ndi ine ndemwe.

Tsiku limene amalume anabwera kudzanditenga kuti ndizikaphunzira ndili kwawo, munandilangiza kuti ndisamakakhale manja lende pakhomo pa eni. Ndikanakonda kunena kuti zonse zimene ndachita kuno ndachita pomvera inu, koma lingakhale bodza. Nkhani yake ndi ya masamu.

Chiyambireni chaka chino masamu andikanika. Aphunzitsi athu timawatchula kuti a Mwamvatu, chifukwa mawu amenewo amafunsa ali mkati mofufuta pa bolodi. Amapereka ntchito yokachitira kunyumba pafupifupi tsiku lililonse. Ndikafika kunyumba ndinkatulutsa buku, n'kuliika pa tebulo lodyera, n'kusongola pensulo bwinobwino ngati munthu wolimbikira. Koma kungotsegula tsambalo, mutu unkaima. Ndiye ndinkadziuza kuti ndiyambe ndatsuka makapu ali m'sinkiwo, mutu upole kaye. Makapu akatha ndinkaona kuti sinkiyo yada. Sinki ikayera, maso ankagwera pa chitofu. Pomadzatha chitofu, nthawi yophika yakwana, bukulo n'kubwerera m'chikwama ndi lonjezo lakuti mawa.

Mukanaona zimene ndachita m'nyumba muno pothawa buku limodzi, mukanaseka mpaka misozi. Ndasunthapo firiji kuti ndikolope kuseri kwake. Ndachapa makatani osada. Ndapolisha nsapato za amalume ndi zimene anasiya kale kuvala zomwe. Ndasitapo masokosi. Pa balaza pali duwa la pulasitiki, limenelo ndinalitsuka tsamba ndi tsamba ndi mswachi wakale, Loweruka lathunthu, Lolemba lake kuli mayeso.

Choipa chake n'chakuti palibe ankandidzudzula. Mwana wothawa mabuku n'kumaonera TV amakalipiridwa, koma ine ankanditama. Kukabwera alendo, azakhali ankandiitana kuti andione, amvekere uyu ndiye ali ndi manja, nyumba yonse ili mbee chifukwa cha iyeyu. Ine n'kumamwetulira ngati ndapata mphotho. Ndinkagona nditatopa zenizeni, choncho ngakhale mtima wanga womwe sunkanditcha waulesi. Kusukulu ndinayamba ndi kukopera ntchito ya anzanga m'mamawa, kenako ndi kukopera komweko ndinagwa nako mphwayi. Mayeso a teremu yatha ndinalephera masamu ndi sayansi. Lipoti lija ndinakuuzani kuti silinatuluke, linatuluka, ndipo amalume ndi azakhali analiona.

M'nyumba muno munali mayi wantchito, amene ankasamala pakhomo ndi kulera khanda la azakhali, lija timalitchula kuti Bwana poti likalira nyumba yonse imaimirira. Mayiwo ankandilanda chikolopa kawirikawiri, n'kundiuza kuti ndizipita ndikawerenge. Ine ndinkaona ngati ndi nsanje, poti otamidwa ndinali ine. Kumayambiriro kwa mwezi uno, ndikuchokera kusukulu, ndinakumana nawo pa geti atanyamula chikwama chawo ndi ambulera. Azakhali anali atawauza kuti ntchito yachepa, sakufunikanso. Ndinazindikira pomwepo amene anaichepetsa ntchitoyo, ndipo ndinayamba kupepesa.

“Usapepese kwa ine, ine ndikapeza pena,” anatero. “Dzimvere chisoni wekha, mwanawe. Inetu m'nyumba ya achibale ndinalowamo nditavala yunifolomu ngati yakoyi. Nanenso ankanditama manja.”

Anandiwongolera kolala ya bulauzi, n'kumapita. Sanakwiye, sanatembenukenso. Ine ndinatsala pa getipo ndikuwayang'ana. Mayi amenewo si aakulu kwenikweni, amayi, ndi msinkhu wa amayi aang'ono, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti anakhalapo pa desiki.

Tsiku lomwelo tikudya, azakhali anayamba nkhani ndi amalume ine ndili pomwepo. Anati aliyense ali ndi mphatso yake, ndipo yanga aiona kuti si ya mabuku. Anati bwanji teremu ikubwerayi ndipume kaye chaka chimodzi, ndizilera Bwana, kenako adzandipezera kosi ya zophikaphika. Sanalankhule mwankhanza ayi. Ankaoneka kuti akundifunira zabwino, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Ndikanatsutsa ndi chiyani? Umboni wonse ndinawapatsa ndekha, lipoti loipa ndi nyumba yowala. Amalume anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali, kenako anangoti tiyambe taona mayeso a teremu ino.

Ngati kuti zimenezo zinali zochepa, m'mawa mwake a Mwamvatu analengeza kuti aliyense amene ali ndi ntchito yakunyumba yotsalira aipereke pofika Lachisanu likubwerali, apo ayi sadzalowa m'chipinda cha mayeso. Ndinatsegula kope langa n'kuona masamba ali mbee, madeti okha pamwamba.

Madzulo ake ndinakhala pa tebulo nditatsimikiza mtima. Sindikudziwa kuti ndinadzuka nthawi yanji, ndinangozindikira ndili m'bafa, nditagwada, ndikukwecha matailosi. Apo ndinachita mantha ndi manja anga omwe, chifukwa anali atayamba kupita okha ku ntchito osandifunsa. Ndinaona kuti m'nyumba muno sindingayambiremo, muli zotsuka zambiri.

Ndiye ndinayamba kutsalira m'kalasi tikaweruka, pamodzi ndi mnzanga wa pa desiki, mtsikana wamfupi wosaseka wamba. Ndinamuuza zonse. Tsiku loyamba, kungotsegula buku, ndinaona kuti anzathu asiya mapepala pansi ndipo m'kalasi simukuoneka bwino. Ndisanafike ndi pa ngodya pamene pamakhala tsache, mnzangayo anathamanga n'kulikhalira tsachelo. Anati sadzukapo mpaka ndikopere funso loyamba. Osati kuyankha, kungokopera basi. Ndinakopera. Kenako anati ndilembe zimene funsolo landipatsa kale. Kenako mzere umodzi wokha. Yankho linatuluka lolakwa, ndinalira, iye n'kungondipatsa labala. Ndinafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, ndipo ulendo wotsatira linatuluka lofanana ndi la kumapeto kwa buku. Funso limodzi, amayi, chinthu chimene ndachithawa chaka chathunthu, sichinatenge ndi nthawi yochapira makatani yomwe.

Sindikunamizani kuti mantha atha. Tsiku lililonse ndikamatsegula buku amabwerabe. Kungoti ndaphunzira kuti ndikayamba kulemba mantha ali pomwepo, amachepa okha pofika funso lachiwiri, pamene ndikawadikira kuti achoke kaye, sachoka. Sabata yatha aphunzitsi aja atafunsa mwa chizolowezi chawo ngati tamva, ndinakweza dzanja n'kunena kuti ine sindinamve. Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsiwo anaima ndi chofufutira m'mwamba, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba, kenako analembanso zonse pang'onopang'ono. Ndinaona ena mwa osekawo akukopera mwachangu.

Chovuta kwambiri ndi kunyumba. Ndimasesa m'mawa, ndimathandiza kuphika, ndipo mbale ndimatsuka ndithu, koma ndikamaliza kulemba. Zina zonse zija ndasiya. Kukhala pa tebulo mbale zili m'sinki, Bwana akulira, azakhali angofika kumene kuchokera ku ntchito atatopa, n'chinthu cholemera kuposa kusuntha firiji. Ndimawamvera chisoni, chifukwa nawonso anadalira zimene ndinawaonetsa. Dzana anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, “Ulesi umenewu wayamba liti?” Ndinayankha kuti ndili ndi ntchito yoti ndipereke Lachisanu. Anakatsuka okha mbalezo, ndipo kulira kulikonse kwa mbale kunkandilasa mumtima, koma sindinadzuke. Chiyambireni tsiku limenelo amandilankhula mwa apo ndi apo. Pansi pa balaza pada, duwa lija lachita fumbi, ndipo ine ndimadutsa nditayang'ana kumbali.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira chiyambire kalatayi, poti kuzengereza sikunandithere. Lamlungu lapitali masana ndinali m'khonde ndikupinda matewera, azakhali ali kuchipinda chitseko chili chotsegula. Anakuimbirani, ndipo foni anaiika pa sipika chifukwa anali akuyamwitsa. Ndinamva akukufotokozerani za kupuma kwa chaka chimodzi kuja. Ndinasiya kupinda, ndinasiya ndi kupuma komwe, kudikira kuti mukane. Koma inu munati:

“Amene mukukhala naye ndinu, alamu. Mukaona kuti n'koyenera kutero, ine ndinganene chiyani?”

Ndipo munawathokoza chifukwa chondisunga.

Sindinakukwiyireni, amayi. Ndikudziwa kuti munthu amene akukusungira mwana n'kovuta kumutsutsa, ndipo mawu anu ndinawamva kuti anali a munthu wotopa. Ndikudziwanso kuti simunadziwe zimene ndalemba panozi, chifukwa ndinakubisirani ndekha. Koma ndikuopa. Ndikuopa kuti ngakhale nditakhoza, adzati mayi ake anavomera kale. Chaka chimodzi chimenecho ndikuchidziwa bwino, chifukwa n'chimodzimodzi mawa amene ndakhala ndikulilonjeza buku langa. Bwana akadzayamba kuyenda adzati ndidikire ayambe sukulu ya mkaka, ndipo pofika nthawi imeneyo yunifolomu idzakhala itandithina.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire amalume, pa foni yawo osati ya azakhali. Ndi mlongo wanu, ndipo ndinaona mmene ankazunguzira supuni ija kuti mtima wawo sunatsimikize. Simukufunika kukangana ndi aliyense. Mungonena kuti mwaganizanso, ndipo mukufuna mwana wanu apitirize sukulu, kaya akhoza bwino kaya akhoza pang'ono. Ngati n'kosatheka kuti ndikhale kuno osalera mwana, ndili wokonzeka kubwera kwanuko n'kumayenda mtunda uja wa ku sukulu yathu yakale. Sindikulonjezani kuti ndidzakhala nambala wani, poti ndayamba mochedwa. Chimene ndinganene n'chakuti ntchito yotsalira ija yangotsala masamba ochepa, Lachisanu ndipereka, ndipo Lolemba ndilowa m'chipinda cha mayeso. Akakuuzani kuti ndasintha ndipo ndayamba ulesi, musachite manyazi ndi ine.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa aja amakudziwani, ndipo anditsimikizira kuti ikupezani lisanafike Loweruka. Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono ndi kwa anansi onse ondifunsa. Mng'ono wanga mumuuze kuti ndamusowa, ndipo mukamuona akukangalika ndi mapoto kope lake lili chitsekere pa mpando, musamutame msanga, mufunse kaye chimene akuthawa. Inuyo muzimwa mankhwala a mwendowo osadumphitsa.

Amalume amakhala panyumba Lamlungu likapendeka dzuwa, foni yawo ili pa mkono wa sofa. Ine ndidzakhala pa tebulo ndi buku langa, pafupi pomwepo. Foniyo ikalira ndidzamva. Ikapanda kulira, amayi, ndidzamvanso.

Ndine mwana wanu woyamba,
amene akadali pa sukulu.