Mzere Wopindika M'galasi la Mfuti

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Sheffield tilipo, kungoti kwayamba kuzizira msanga chaka chino. Apongozi anu aNabanda adachira bwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akadali pa tchuthi cha uchembere, kuntchito yawo ya kuchipatala adzabwerera mu Januwale. Kumudzi, mlongo wanga Esinati akuti chimanga cha kudimba chachita bwino, koma mbuzi za achimwene anu zidamaliza nyemba zonse. Ine sindidalowerere.

Pali nkhani ina imene simukadaikonda. Chimwalirireni inu ndidalowa kalabu yowombera mfuti. Musadzidzimuke, sitipha kanthu. Timagona chafufumimba pa udzu wonyowa kumapiri kunja kwa tawuni, n'kumalasa pepala limene lili kutali, ngati kuchokera pakhomo pathu kukafika kuchigayo. Ndisanaloledwe, apolisi adabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfuti, adafunsanso adokotala anga ngati mutu wanga umayenda bwino. Yankho limene inu mukadawapatsa ndikulidziwa.

Pamwamba pa mfutiyo pamakhala galasi lokokera zinthu pafupi. Munthu akasuzumiramo amaona timizere tiwiri topyapyala ngati ulusi wanu wosokera, kena koimirira, kena kopingasa, topanga mtanda, ndipo pansi pa mtandawo pali timadontho tondandalika. Chipolopolo chikamapita kutali chimagwa, mphepo nayo imachikankha, choncho sitiloza ndi pakati pa mtanda. Timawerenga timadontho, kutsika tingapo, kupatuka tingapo, kenaka n'kudikira kuti mphepo ikhazikike. Paja munkakonda kutiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Masewerawa ndi omwewo basi, ndipo sindikudzitama, ndinkawatha.

Mwezi watha mzere woimirira uja udapindika. Pang'ono chabe, pansi pa mtanda, ndipo kadontho kamodzi kadasowa. Ndidapukuta galasi, ndidapotoza mphete yakumbuyo imene imawalitsa timizereto, koma sizidasinthe. Ndidakwiya, chifukwa galasilo ndidagula kwa mkulu wina wa ku Leeds litagwirapo kale ntchito, ndipo mumtima ndidali nditamutcha kale wakuba. Ndidapereka mfutiyo kwa a Dennis, mzungu wachikulire amene amayang'anira malo owomberapo, kuti andichitire umboni. Adasuzumira kwa kanthawi ndithu. Adati mzere uli njo, timadontho tonse tilipo. Kenaka adandiuza kuti ndiyese ndi diso lamanzere. Nditayesa, mzerewo udali wowongoka.

Pobwerera ndidayendetsa galimoto pang'onopang'ono ndikuganiza za chitseko chija. Mukukumbukanso inu. Chaka chimene shuga adakukulirani, mudaitana malemu a Phiri akalipentala kangapo konse, mukuti adakhoma felemu ya chitseko cha kuchipinda mokhota. Iwo adabwera ndi chingwe chawo chomangirira kamwala kunsonga, n'kukuonetsani kuti palibe chakhota. Inu mudati ndiye kuti chingwecho n'chokhotanso. Tidaseka nyumba yonse, mpaka tinkasimbira alendo. Pamene tinkakupititsani kwa adokotala a maso ku Lilongwe, iwo adati tachedwa. Mudangoti, "Chakudza sichiyimba ng'oma." Komatu ng'omayo idalira, Amayi, pachitseko pomwe paja, ife tidaiyesa nthabwala.

Shuga inenso ndili naye, mukudziwa. Mapiritsi ndimamwa ndikakumbukira. Chaka chilichonse achipatala amandiitana kuti akandijambule m'kati mwa maso, ine n'kumati ntchito yachuluka, ndipita mwezi wamawa. Nthawi yogona pa udzu wonyowa Loweruka lathunthu ndiye ndinkaipeza.

ANabanda sindinawauze. Iwo ndi namwino, ndikangoyamba nkhaniyi amaliza okha, ndipo ndikudziwa kuti andikalipira kaye asanalire. Ndikuopa, Amayi, ndipo ndi inu nokha amene mwamva zimenezi. Mazenera a basi ayamba kukhota nawo, ndi mizere ya papepala kuntchito, ndikangotsinzina diso lamanzere. Dzulo ndidanyamula mwana pamene amake ankasamba. Ndidatsinzina lamanzere n'kumuyang'ana ndi lamanja lokha. Kamphuno kake kadapendekeka, ndipo diso lake limodzi silinkaoneka. Iye ankangondisekerera, akuyesa ndikumuseweretsa.

Inu mudamwalira musanaone nkhope ya mdzukulu wanu aliyense wobadwira kuno. Munkawadziwira pa foni, mawu okha. Uyu ndikufuna ndimuone akuyamba sukulu, ndimuone bwinobwino.

Choncho ndikukulonjezani ichi. Mawa kukacha ndiwauza aNabanda, ndipo tipitira limodzi kuchipatala cha maso sabata ino isanathe. Ndawerenga kuti zoterezi akazipeza msanga amatha kuziletsa, ngakhale akuti jakisoni wake amabaya m'diso momwemo. Ndipirira. Galasi la mkulu wa ku Leeds lija silibwezedwanso, ndizisuzumiramo mlungu uliwonse, diso limodzilimodzi, kuti ndizidziwa pamene mzere wafika.

Pumulani bwino. Mukakumana ndi a Phiri kumeneko, muwapepese m'malo mwa tonsefe. Muwauze kuti chitseko chija chidali chowongoka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani