Kamfuti ka Abambo

Ficksburg
9 Juni 2019

Okondedwa achimwene Mohau,

Ndikhulupirira muli bwino ku Perth'ko. Kuno chisanu chabwera ndi ukali, mapiri ayera, koma tikudzuka.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti popeza akuba andithyolera golosale kachiwiri, ndigule mfuti ya .45, ndipo kamfuti ka .38 kamene anakusiyirani malemu abambo kapite kupolisi akakaphwanye, poti n'choseweretsa ana. Achimwene, inu mfuti mumaidziwira pa kanema, komabe ndinakumverani poti ndinu aakulu.

Loweruka ndinapita kwa a Thys, ogulitsa mfuti aja amene akutisungira ka abamboko. Tinalowa m'bwalo loyesera kuseri kwa sitolo, nandipatsa chimfuti chanucho. Nditangokoka, dzanja linadumpha, mano n'kugundana. Ndinaomba kasanu, koma pepala lojambulidwa munthu loti ndilase silinakhudzidwe n'komwe.

"Mayi, khoma langa lakulakwirani chiyani?" anatero a Thys akuseka. "Wakubayo ndi uyu apayu, akukudikirani!"

"Sekani bambo, mano ndi anu. Tanditulutsireni ka abambo anga."

Zipolopolo zisanu zonse zinalowa pachifuwa pa chithunzicho, malo oti mungaphimbe ndi chikhatho. A Thys anavula chipewa n'kufunsa amene anandiphunzitsa. Ine misozi inali mbwembwembwe.

Tsopano ndiulule. Mukukumbuka masiku aja abambo akaweruka kupolisi ankanditenga kuti tikafunefune ng'ombe yosochera? Palibe ng'ombe inasocherapo. Tinkatsikira kuchigwa, iwo n'kukhoma chivundikiro cha chidebe pachulu. Ankaima kumbuyo kwanga, jekete lawo likununkha fodya wa kaliwo, n'kumandiwongola zigongono. "Seipati mwanawe, phokoso silipulumutsa munthu," ankatero. "Chipolopolo chachikulu chodutsa pambali n'chachabe. Nyamula imene dzanja lako likuikwanitsa, ulase pamene diso lako lili, ndipo uzipemphera kuti usadzailozetse munthu." Pobwerera ankandigulira makwenya, mandasi akuno aja, otentha, mafuta ake n'kumadonthera pa diresi, amayi n'kumadabwa kuti ng'ombeyi ikusocherera kumsika bwanji.

Anandiletsa kukuuzani. Ankati Mohau mtima wake ndi wapachala, asayandikire mfuti mpaka atakhwima. Mmene munkakhwima n'kuti mutakwera kale ndege. Ndabisa zimenezi zaka makumi atatu, ndipo zandilemera.

Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, achimwene. Ndikagwira kamfutiko, pomwe panaperepeseka ndi chala chawo m'pomwe chala changa chimakhala.

Chiphaso chodzitetezera n'cha mfuti imodzi, ndipo ine ndasankha kameneka. Koma kali m'dzina lanu. Loya akuti akutseka za chuma cha masiye pakutha pa Julaye, ndiye mukapanda kusayina fomu yosinthira umwini ndaika m'kalata munoyi, kapita ndithu kokaphwanyidwa. Sindikukakamizani. Ngati nkhaniyi yakupwetekani, kwiyirani ine, musakwiyire munthu wogona.

Moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo akadali ndi diso. Inunso landirani moni wina wochokera kutali, kwa abambo. Pansi pa nsalu m'bokosi la kamfutiko ndapeza chithunzi chanu muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo mulibe, m'mbali mwake mutaperepeseka ndi kugwiridwagwiridwa. Changa munalibemo. Chanucho ndakutumizirani, kaya musayina kaya ayi.

Ndine mlongo wanu,
Seipati