Lenikoti ya Bambo a Watipaso

Rumphi Boma,
Lachinayi, 13 Febuluwale.

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kufika kumunda? Ndinamva kuti ku Linthipe mvula inadula masabata awiri, kaya chimanga chapirira. Kuno zikanatheka tikanakugawirani, yatikwana.

Ine moyo ulipo, ndipo mdzukulu wanu Watipaso akuyamwa bwino. Koma apongozi anu a Amock, bambo a Watipaso, agonekedwa m'chipatala kuyambira Lolemba, ndi chibayo. Kalatayi ndikulembera pa bondo, pakhonde pomwe timagona ife odwazika. Sindinafune kuimba, chifukwa foni ya achimwene imamveka mudzi wonse, ndipo nkhani yanga si yapabwalo.

Mukudziwa kuti a gemu anatisamutsira ku Thazima, pa geti lolowera ku Nyika. Amayi, kuzizira kwa ku Dedza komwe timadzitama nako kuja ndi masewera. Chiyambire Januwale dzuwa ndaliona mwina kanayi. Thewera ndikachapa Lolemba, Lachitatu limakhala likadali pachingwe, likungonunkha chuku. Nkhuni nazo zonyowa, utsi wokhawokha. Makala musanene, poti amene amalanda makala kwa anthu ndi apongozi anu omwewo, ndiye m'nyumba mwathu sangapezeke.

Vuto lalikulu ndi usiku. Mkaka ndinatengera inu, wachita kuchuluka. Mwana akamayamwa bere limodzi, linalo limangochucha ngati mpopi wothyoka. Onjezani kubweza ndi kukodza kwake, ndimadzidzimuka tonse awiri titagona pachithaphwi. Ndinayesa kupinda zitenje zitatu, zonse zinkanyowa usiku umodzi. Ndinayesa thumba la feteleza, linamukanda mwana pantchafu. Matiresi ndinawatembenuza mpaka mbali youma inasowa.

Mnzanga woyandikana naye, NyaMhango, anandiuza kuti ndisiye kuyamwitsa usiku, ndizimumwetsa kaphala kamadzi kuti azigona mpaka m'mawa. Mwana wa miyezi iwiri! Ndinakana. Anandiseka kuti ife a Chichewa timadandaula chomene, ati ana ake asanu onse anakulira pamphasa yonyowa ndipo lero akukankha njinga.

Sindimudandaula, iye sadziwa za Mtende. Inu mukudziwa, poti ndinu munamusambitsa komaliza. Miyezi itatu yokha, chifuwa cha masiku anayi, basi mwana wanga woyamba n'kupita. Adokotala sananene kuti chinamupha ndi zofunda zonyowa, koma ine sindiiwala m'mawa uja ndinamunyamula kumsana kwake kuli kozizira ndi mkaka wanga womwe. Ndiye sabata yatha, Watipaso atatsokomola kawiri, kawiri kokha, mutu wanga unasiya kugwira ntchito.

Madzulo amenewo bambo ake anali atalongedza chikwama. Ankakwera kumapiri masiku khumi kukalondera nyama, kunyamuka kusanache. M'chikwamamo munali lenikoti yawo ya kuntchito, yobiriwira, yofika m'miyendo. Atagona ndinaitulutsa, n'kuiyala pamatiresi, chitenje chouma pamwamba. Mumtima ndinati ndiibwezeretsa asanadzuke. Amayi, zinatheka. Chitenje chikanyowa ndinkangochotsa n'kuyala china, pansi pali pouma. Mwana anagona, ine tulo tomwe ndinatisowa miyezi iwiri tinanditenga. Ndinadzuka kunja kutayera, galimoto itapita kalekale.

Mpaka pamenepa mwina munganene kuti inali ngozi. Chimene sindinauze munthu aliyense ndi ichi. Tsiku lachiwiri galimoto ina inkakwera kukawasiyira ufa. Lenikoti ndinaipinda bwinobwino, ndinafika nayo mpaka pakhomo. Watipaso anayetsemula kumbuyo kwanga. Ndinabwerera n'kuiyalanso pabedi, galimoto ndikuimva ikulira pa geti. Ndinadziuza kuti iwo ndi aakulu, apirira.

Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osadula. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anzawo anawatsitsa atawakulunga m'tenti, mano akungogundana, kupuma movutikira. Kwa abwana awo anali atanena kuti lenikoti anaiiwala okha kunyumba. Amayi awo atafika kuchokera ku Bolero anandifunsa pamaso pa anthu kuti ndine mkazi wanji, mwamuna kuchoka pakhomo nthawi ya mvula osamuyang'anira m'chikwama. Ndinangoti yewo, maso pansi. Akanadziwa zoona zake sindikudziwa kuti akanati chiyani.

Dzulo masana, amayi awo atapita kukatunga madzi, ndinagwada pafupi ndi bedi la a Amock n'kuwauza zonse, ndi za galimoto ya ufa zomwe. Ndinkayembekeza kuti atembenukira kukhoma. Anachotsa chopumira chimene adokotala anawaveka pakamwa, n'kunena kuti ankadziwa. Ati m'mawa uja anaona kuti chikwama chapepuka, anaunika ndi tochi, n'kuiona lenikoti pansi pa mwana. Ati analowetsa dzanja kuti aisolole pang'onopang'ono, n'kukhudza msana wa Watipaso uli wouma, wofunda. Ndiye anangobweza dzanja lawo, n'kutifunditsa bwino, n'kumapita. Kenako anandifunsa ngati chifuwa cha mwana chinasiya. Nditati chinasiya, anatseka maso n'kumwetulira.

Amayi, akanandikalipira zikanandipepukira. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa bafa mpaka mkaka unanyowetsa bulauzi yonse.

Adokotala akuti mapapo onse awiri agwidwa, ndipo tiona mmene masiku akubwerawa atayendere. Ndikuopa, sindibisa. Mwana saloledwa m'wodi, ndiye ndikafuna kulowa ndimamusiya ndi mayi aliyense amene wandimvera chisoni pakhonde. Usiku mvula imawomba mpaka pomwe timagona. Ndimakhala tsonga, mwana pachifuwa, khutu lili ku wodi, kuopa kumva dzina langa likuitanidwa. Zitenje zouma zanditsalira ziwiri.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yobandira, ndikudziwanso kuti bondo lanu silikonda basi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ine wanga wafika potopa. Munda asamale achimwene. Mukwere ya ku Mzuzu, pamenepo minibasi za ku Rumphi sizisowa, mukangotsika mufunse kuchipatala. Mubweretse zitenje zanu zakale zija zili pansi pa sutikesi, ngakhale zong'ambika, zomwe munkatigonekera ife. Inu muzidzagwira mwana, ine ndizidzagwira bambo ake. Ndinasankha kamodzi pakati pa awiriwa, sindingathe kusankhanso.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa amalume a ku Chimbiya, ndi kwa azakhali. Amayi a Mvano muwapemphe atikumbukire m'mapemphero, koma muwauze za chibayo zokha. Zinazi zikhale pakati pa inu ndi ine.

Ndilekeze pano, Watipaso wayamba kudzuka. Wagona pambali panga pa simenti, pa lenikoti ya bambo ake. Ndamukhudza kumsana, ndi kouma.

Ndine mwana wanu,
Lena.