Lamba Ndaboola Kachitatu

Torwood, Redcliff
14 Ogasiti 2008

Okondedwa asuweni anga a Rosina,

Mukukumbukira pa ukwati wa Isaki, mpando utandithyokera? Munaseka mpaka misozi, n'kumati, "Asuweni, mimbayi ndi ya miyezi ingati?" Lero simungandizindikire.

Chaka chatha adokotala anandipeza ndi matenda a shuga. Anati ndichepetse thupi ngati ndikufuna kudzaona zidzukulu. Ndinasiya zotsekemera ndi zokazinga, ndipo sizinavute poti m'masitolo mulibe kanthu. Ndimadya nyemba ndi masamba a kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ndimayenda ndawala mpaka pageti la fakitale n'kubwerera. Lamba ndaboola kachitatu, miyendo yasiya kutupa.

Koma kuno munthu akaonda, anthu amakhala akudziwa kale chifukwa chake. Anzanga a bawo amangoti, "Makadii, mudhara?" ndiye kuti "Muli bwanji, madala?", ali chapatali. Akazi anga, mayi a Tatenda, ndinawaonetsa chikalata chakuchipatala chonena kuti ndi shuga basi. Anachipinda bwinobwino n'kundibwezera. Pa Isitala anapita ku Senga kukaona achemwali awo. Mpaka pano sanabwerebe; akuti makombi, maminibasi a kuno, akudula masiku ano.

Sindisiya kuyenda, zidzukuluzo ndikuzifuna. Kungoti masiku ena ndimalakalaka nditanenepanso, mpando wina uthyoke.

Uthenga wanu ndalandira, woti mudzatsikira ku Kwekwe pa 30 ndi zitenje zanu zamalonda. Mudzandipeza pa siteji nditavala jekete ya pa ukwati ija, ngakhale tsopano ikukwana anthu awiri. Mudzandiseke ndithu, asuweni. Papita nthawi yaitali popanda wondiseka.

Ndine msuweni wanu,
Gedion